Zilumba Zimene Tinazipempherera Miyezi Iwiri

Pali anthu kutchalitchi kwathu amene mpaka lero akandiona amafunsa kuti, "Kuli bwanji kuzilumba?" Ndimangoyankha kuti kuli bwino, chifukwa mlanduwo ndi wanga ndipo ndinauvomera kale pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kupusa kwangako kunatsala pang'ono kuwotchetsa ntchito imene mwana wanga anaigwira zaka zitatu. Ndiye lekani ndifotokoze ndekha, ena asanathire mchere wawo.

Ine ndimalima tomato ndi repu ku Kanakantapa. Ndinabadwira ku Katete, ndipo madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a Luangwa, nawonso ndili pawindo la basi. Mwana wathu woyamba, Misozi, akuphunzira zauphunzitsi ku Chalimbana. Atabwerera kusukulu tchuthi china chitatha, ndinapeza mapepala ake m'kabati momwe ndimasunga mbewu. Anali otayipa bwinobwino, m'Chingerezi, ndipo pamwamba panali mapu: zilumba zisanu ndi ziwiri zondondozana pakati pa nyanja, dzina lake Zilumba za Mkanda. Panali ngakhale kamuvi kosonyeza kumpoto. (Kwa ine, chinthu chikakhala chotayipa komanso chili ndi kamuvi ka kumpoto, nkhani yatha.) Ndinati awa ndi maphunziro ake akusukulu.

Chingerezi changa n'choyenda ndi ndodo, koma ndinawerenga. Chilumba chachikulu chinali Dzalamo, chokhala ndi phiri lofuka utsi, kumene mafumu anamenyana mibadwo itatu polimbirana zitsime ziwiri. China chinali Kamphepo, kumene anthu amakhala m'mabwato omangirirana chifukwa mtunda wonse anausiyira manda. Chakumapeto chinali Nsalira, chaching'ono, chimene chaka chilichonse chimamira pang'ono, ndipo anthu ake amasamutsira nyumba kumtunda osadziwa kuti adzathera kuti. Ndinafufuza tsamba lililonse ndipo sindinapeze tchalitchi ngakhale chimodzi. Mtima unandiwawa. Ine amene ndinakula ndikumva kuti Uthenga uyenera kufika kumalekezero a dziko, malekezerowo anali atandipeza m'kabati ya mbewu.

Mwina mufunsa ngati m'mapepalamo munalibe zokayikitsa. Zinalimo. Panalembedwa za mbalame zonyamula mbuzi yathunthu, ndi za chilumba china chimene chimasuntha nthawi ya dzinja. Koma munthu amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti nsomba inameza mneneri n'kukamulavula kumtunda sangadabwe ndi mbalame. Ndinangoti ntchito za Mulungu n'zazikulu. Amake Misozi anandiuza kuti ndimuimbire mwanayo ndimufunse. Ndinakana, ndinati ali pa mayeso. Zoona zake, sindinafune kuti mwana wanga adziwe kuti bambo ake sanamvepo za dziko lathunthu.

Ndinayamba kupemphera ndekha. Kenaka ndinazitengera ku mapemphero a Lachitatu, amene timasonkhana m'nyumba mosinthana. Ndinajambula mapuwo pa thumba la ufa lotembenuza, n'kugawa zilumbazo, banja lililonse chake. Amayi Tembo, mayi wamasiye amene akapemphera denga limamva, anatenga Kamphepo n'kulonjeza kusala kudya Lachisanu lililonse. Ine ndinasunga Nsalira, chomiracho. Ndikamathirira tomato ndinkaona anthu aja akunyamula nsichi za nyumba paphewa, ndipo nthawi zina misozi inkalengeza.

Panali munthu mmodzi yekha amene Mulungu anamutuma kudzandipulumutsa, ine n'kumukana. Ameneyu ndi Ba Lungu, mphunzitsi wopuma ntchito amene anamanga chakufupi ndi msewu. Anayang'ana thumba lija nthawi yaitali, n'kufunsa mwaulemu kuti zilumbazi zili m'nyanja iti. Ndinati kum'mawa, kupitirira Mozambiki. Anatulutsa foni, anafufuza, n'kunena kuti sakupeza kanthu.

"Mwaona ka, abale," ndinatero, "anthu awa ni oiwalika mpaka na foni siwadziwa."

Anthu anavomera ameni. Ba Lungu anabweza foni m'thumba mwake. (Ndinapita kunyumba ndikudzimva ngati ndagonjetsa kusakhulupirira.)

Nkhani inafika kwa abusa, ndipo anandipempha kuti ndidzalankhule pamaso pa mpingo wonse Lamulungu lokumbukira amishoni. Ndinachapitsa jekete. Thumba lija tinalipachika kutsogolo, pafupi ndi guwa. Mwangozi, kapena ndinene mwa chifuniro cha Ambuye, Misozi anafika m'mawa womwewo pa minibasi, n'kulowa mapemphero atayamba kale. Anakhala pafupi ndi amake. Ndinamuona akuyang'ana thumba lija, kenaka ine, kenaka thumba lija. Anaphimba pakamwa ndi dzanja. Ndinati mumtima, mwana wakhudzidwa.

Ndinalalikira za zitsime za Dzalamo ndi ludzu la moyo. Ndinalalikiranso za kumira kwa Nsalira. Ndikanathera pomwepo bwenzi manyazi ali apakati. Koma ndinanyada, ndinati pakati pathu pali amene anaphunzira za anthu amenewa kuyunivesite, aimirire atiuze zambiri.

Misozi anaimirira pang'onopang'ono, atagwira benchi.

"Atate," anatero motsitsa, "zilumba izo kulibe. Ni nthano yanga. Ninazipanga ine."

Ndiye Amayi Tembo anafunsa ali pamalo pawo, osakweza mawu n'komwe: "Manje njala yanga ya pa Chisanu inayenda kuli ndani?"

Anthu anaseka mpaka ena kutsamira anzawo. Ngakhale abusa anabisa nkhope kuseri kwa buku la nyimbo. Ine ndinaima ndi ndodo yolozera m'manja, ikulozabe pa Nsalira. Koma pakati pa kusekako ndinamva mkulu wina kumbuyo akunena kuti ana amasiku ano akaphunzira amangopeka mabodza n'kunamiza makolo. Misozi anamvanso. Anatuluka abusa asanadalitse mpingo.

Titafika kunyumba masana, ndinamupeza kuseri kwa khitchini atakhala pa chigubu, mbaula ili patsogolo pake, mapepala ali pamiyendo. Tsamba limodzi linali litapsa kale. Ndinamufunsa chimene akuchita. Anandiuza, osandiyang'ana, kuti anayamba kulemba nthanoyi asanapite kuyunivesite, ndipo ankabisa chifukwa ankadziwa kuti ine ndidzati ndi mabodza osayenera mwana wa Mkhristu. Tsopano yandichititsa manyazi pamaso pa mpingo, ndiye ingopsa.

Apa ndi pamene manyazi enieni anandigwira, oposa a m'tchalitchi aja. Ndinali nditalirira anthu akutali amene kulibe, koma mwana wanga amene aliko, wogona m'nyumba mwanga, anandibisira mtima wake zaka zitatu ine osadziwa. Ndinachotsa mbaula ija n'kuiika patali. Ndinamuuza kuti amene anatenga mapepala a mwini osapempha ndine, amene anakana kufunsa ndinenso. Ndinamuuzanso kuti Ambuye wathu yemwe ankaphunzitsa ndi mafanizo, ndipo palibe anapita kukafunsa nambala ya munda wa wofesa mbewu uja.

"Koma mwana wanga," ndinatero, "uli na mphatso. Wadyetsa Amayi Tembo mphepo ma Chisanu eyiti."

Anaseka kwinaku akulira. Tsamba lopsalo, mwamwayi, linali la mbalame zija, ndipo anati akulikumbukira.

Lamulungu lotsatira ndinapempha mphindi ziwiri. Ndinauza mpingo kuti mwana sananamize munthu, ndine ndinathamanga osatumidwa. Ndinapepesa kwa Ba Lungu, amene anangogwedeza mutu n'kunena kuti mapuwo anajambulidwa bwino kuposa a ophunzira ake ambiri. Kwa Amayi Tembo ndinatumiza dengu la tomato. Anati ndisadandaule, kusala kudya sikutayika, Mulungu adziwa kumene anakupititsa. Ndimayamika kuti ndili pakati pa anthu otere, oseka munthu popanda kumutaya.

Masiku ano Misozi akabwera amandiwerengera mutu watsopano pakhonde, akumasulira m'chinenero chathu pamene Chingerezi chandisiya. Tsiku lina ndinamufunsa kuti anthu a ku Nsalira adzatha bwanji. Anati iye anakonza zoti chilumbacho chimire ndi anthu ake onse. Ndinamuchonderera monga munthu amachonderera woweruza: pali ana kumeneko, pali okalamba, bwato limodzi lokha silingabwere kuchokera ku Kamphepo?

"Atate, mudziwa kuti kulibe, ka?"

Ndinati ndikudziwa. Anati aganizirapo.

Ndaphunzira kufunsa ndisanaimirire pagulu, zimenezo n'zoona. Koma ndiulule chinthu chimodzi. M'mawa ndikamapemphera ndisanapite kudimba, ndikatchula odwala, amasiye ndi mvula, pakamwa pamapitirira pokha n'kutchula Nsalira. Poyamba ndinkadzidzudzula. Tsopano ndimangosiya, poti amene ali ndi mphamvu pa chilumbacho ndimamudziwa, ndi mwana wanga, ndipo mutu womaliza sanaulembe.