Mapanga Awiri a Lameki

Anankhoma akamaifotokoza nkhaniyi amati achimwene awo, Lameki, linawapweteka ndi dyera. "Ankafuna kuwomberedwa m'manja mabwalo awiri tsiku limodzi," amatero, nkhope ili gwa. Koma a Chidzanja, amene ankaphunzitsa Lameki Chingerezi, amapukusa mutu. "Dyera ayi. Mnyamata uja sankadziwa kunena kuti ayi, basi."

Ine ndinakhalapo pansi ndi onse awiri, aliyense payekha, ndipo sindinapeze wonama. Tsono poti mvulayi yatitsekera m'kalasi muno, sendezani mabenchi kuno, ana inu. Ena adzakuuzani kuti mwambi wa mapanga awiriwu ndi wakale kuposa Lameki, ndipo sindingawatsutse. Koma kwathu timati unayamba chonchi.

Bambo ake a Lameki, a Kamphinda, anali Kingi wa mganda m'mudzi mwathu. Gulu la mganda limatchedwa boma, ndipo Kingi ndiye amagwira wezulo. Akaiimba kamodzi, mizere imawongoka. Akaiimba kawiri, ng'oma imayamba. A Kamphinda anaigwira wezuloyo zaka makumi atatu, mpaka chifuwa chinayamba kuwalanda mpweya. Chaka chimenecho ananena okha kuti ndi chomaliza.

Mwambo wake unali wakuti wezulo saiperekera kunyumba. Kingi amaipereka pabwalo, pamaso pa boma la alendo, gule akamalowa komaliza. Woilandira ayenera kukhala ali pamzere, atavala zoyera, thukuta lili pankhope. Aliyense ankadziwa kuti wezuloyo ikupita kwa Lameki, chifukwa pa kaponyedwe ka mwendo panalibe womuposa.

Koma Lameki anali ndi chinsinsi. Lachiwiri ndi Lachinayi masana ankati akupita kudimba, pomwe akuzemba kupita kusukulu ya kutsidya la mtsinje, kumene a Chidzanja ankaphunzitsa akuluakulu Chingerezi ana akaweruka. Ankabisa chifukwa a Kamphinda ankadana nacho chinenerocho. Mwana wawo woyamba anachiphunzira, napita ku Joni, n'kulemba makalata awiri m'Chingerezi amene panyumbapo panalibe wowawerenga. Kenaka anangoti zii. "Chingerezi chinandidyera mwana," ankatero mkuluyo.

Apa a Chidzanja amakweza chala. Amati tsiku loyamba Lameki anabwera ndi makalata awiriwo m'thumba la malaya. Iwo atati amuwerengere, anakana. "Ndikufuna ndidzawerenge ndekha, Aphunzitsi. Ndi mawu a mkulu wanga." Anankhoma nawo satsutsa zimenezi. Amangoti, "Anayamba bwino, inde. Koma atalawa kuwomberedwa m'manja, makalata aja anawaiwala m'chikwama."

A Chidzanja ankakhulupirira kuti Chingerezi sichilowa ndi choko chokha. Ankati munthu amalankhula msanga akamafotokoza zimene akuzidziwa kale. Choncho analemba sewero lonena za miyambo ya kwathu, lokachita pa mpikisano wa makalasi a akuluakulu. Ndipo mwambo umene anasankha unali mganda womwewo. Ena azivina, mmodzi aime kutsogolo atavala jekete, azifotokozera alendo m'Chingerezi kuti ng'oma ndi chiyani, wezulo ndi chiyani, Kingi ndi ndani.

"Lameki, gawo limeneli ndi lanu," anatero a Chidzanja. "Ndikubwerekani jekete yanga ya ukwati. Loweruka lachiwiri la Okutobala, nthawi ya thu koloko. Mudzatha?"

"Ndidzatha, Aphunzitsi."

Madzulo a tsiku lomwelo a Kamphinda anamuitana pakhonde. "Boma la kwa Msakambewa layankha. Akubwera Loweruka lachiwiri la Okutobala. Uchape zoyera zako, iwe. Wamva?"

"Ndamva, Bambo."

Mwaonatu, ana inu. Kawiri konse pakamwa panali potsegula, ndipo kawiri konse panatuluka inde.

Masabata atatu Lameki ankaloweza mawu ake kukhola. Ankaima patsogolo pa mbuzi, dzanja lili pachifuwa, n'kuyamba: "Gudu afutanuni, ledizi endi jentulumeni!" Tonde ankamuyang'ana, akubzikula. Tsiku lina Anankhoma anamupezerera.

"Achimwene, kodi mbuzizi mwazilembetsa sukulu?"

"Khala chete, iwe. Ukawauza Bambo ndikumenya."

"Nanga Loweruka mudzadzigawa pakati ngati chinangwa?"

"Ndakonza kale zonse."

Zimene anakonzazo n'izi. Pakati pa mudzi wathu ndi mtsinje pali kaphiri ka miyala, ndipo pakaphiripo pali mapanga awiri, lina kumunsi, mbali ya kumudzi, lina kumtunda, mbali ya kusukulu. Lameki anati adzavina kulowa koyamba, n'kuzemba, kukavula zoyera m'phanga la kumunsi, kukavala jekete m'phanga la kumtunda, kukachita sewero, n'kubwerera asanalowe komaliza.

"Bwanji osangoika zonse m'phanga limodzi?" anafunsa Anankhoma.

"Ndiwe mwana. Munthu akapeza jekete yokha, adzati ndi ya mphunzitsi. Akapeza zoyera zokha, adzati ndi za wa mganda. Koma akazipeza pamodzi adzati ndi Lameki."

Anankhoma amati anaseka mpaka misozi. Amatinso akanadziwa, akanalira pomwepo.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Bwalo linadzaza. A Kamphinda anatuluka atavala zoyera zawo zakale, zowakulira tsopano chifukwa cha kuwonda, wezulo ili pakhosi. Kulowa koyamba Lameki anavina ngati sadzavinanso. Amayi analulutira, ena kumuponyera mipango. Ngakhale alendo a kwa Msakambewa anagwedeza mitu. Ng'oma itangoleka, anauza mnzake wapamzere, Gelesomu, kuti m'mimba mwamupotokola.

"Thamanga, koma usakagone komweko," anatero Gelesomu.

Anafika kuphanga la kumunsi akupuma mwawefuwefu. Anavula malaya oyera, kabudula woyera ndi masokosi aatali, nazipinda bwinobwino pansi. Pamwamba anaikapo badza lake, lipenga la chikho lija limene kukamwa kwake amamatako kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude. Anatuluka ndi kabudula wam'kati yekha, nayamba kukwera thanthwe.

Ali pakati, mphepo inasintha. Anamva fungo la dothi lonyowa. Atacheuka anaona mtambo wakuda bii ukutsika ngati bulangete. Inali chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imabwera osagogoda.

Madontho oyamba atamugwera pamsana, anakumbukira kuti phanga la kumtunda linayang'ana kumene kukuchokera mphepo. "Jekete ya ukwati!" Anathamanga nakaipeza itangonyowa phewa limodzi. Akanakhala pansi pomwepo, kuseri kwa mwala, bwenzi jekete itapulumuka. Koma anakumbukiranso kuti m'phanga la kumunsi mumadutsa madzi mvula ikagwa, madzi ofiira a katondo. "Zoyera zanga!"

Tsono tamverani nzeru zake. Anaopa kuisiya jekete kuti inyowa. Choncho anaikolekera paphewa, n'kutuluka nayo pamvula.

Pofika kumunsi jekete inali ikudontha. Zoyera zinali zitasanduka zofiira, badza likuyandama, kachikopa kake katang'ambika. Anazinyamula zonse, nati phanga la kumtunda ndiye labwinoko. Ali m'njira anaterereka, nagwa chagada. Atafika anapeza mvula ikulowa ngati akuithira ndi ndowa, nati ayi, kumunsi kunali bwino. Anankhoma amati anayenda kanayi. A Chidzanja amati katatu. Onse amavomereza kuti m'mapanga awiri onsewo sanakhalemo ngakhale nthawi yomwera madzi.

Atapisa m'thumba la jekete anapeza pepala la mawu ake litasanduka phala, inki itayenderera. Anati palibe kanthu, mawu ali m'mutu. Anavala jekete yonyowayo, kabudula wamatope uja ndi sokosi imodzi yotsala, natola badza, nathamangira kumtsinje. Mtsinje umene m'mawa mwake ana ankadumpha unali utadzaza, ukukokolola mapesi. Kutsidya ankaliona denga la sukulu. Anaima pagombe, natsegula pakamwa kuti aone ngati mawu alipodi. Panatuluka "Gudu afutanuni" yekha. Ena onse anali atapita ndi madzi.

Ali chiimire, anamva wezulo kuchokera kumudzi. Inalira motalika, n'kuleka. Inaliranso. Lameki anaidziwa: ndiyo imene Kingi amaitanira munthu amene wasowa pamzere.

Kubwalo zinali zitasintha. Mvula itayamba, ng'oma zinafooka, alendo nati anyamuke mitsinje isanawatsekere. Kulowa komaliza kunafulumizidwa. A Kamphinda anaima pamvula, akukana ambulera, maso ali pa malo opanda munthu pamzere woyamba. Anaimba wezulo kachiwiri, natsokomola nthawi yaitali. Anaimba kachitatu. Kenaka anaivula pakhosi, nayenda pang'onopang'ono, n'kuikoleka pakhosi pa Gelesomu. Gelesomu anagwada akulira, akunena kuti, "Si yanga, Bambo, si yanga." Iwo anati, "Uli pamzere."

Lameki anatulukira anthu akubalalika. Kumtunda jekete ya ukwati, yopanda malaya m'kati. Kumunsi kabudula wofiira ndi matope, sokosi imodzi, badza long'ambika m'manja. Mmodzi wa alendo anafuula, "Kodi ameneyu ndi wa boma liti? Kumtunda bwana, kumunsi nkhumba!" Anthu anaseka, poti n'zoseketsadi. Koma ataona nkhope ya a Kamphinda, kuseka kunatha kokha.

Mkuluyo sanakalipe. Anamuyang'ana mwana wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Sewero lako layenda bwanji?"

Lameki anafunsa kuti adziwa bwanji za sewerolo.

"Khola lili kuseri kwa chipinda changa, iwe. Masabata atatu ndakhala ndikumva ukupereka moni kwa mbuzi. Ndinkadikira kuti undiuze. Ukanandiuza, bwenzi nditawapempha a kwa Msakambewa abwere Loweruka linalo."

Lolemba Lameki anakabweza jekete, itakwinyika ngati chikopa cha mbuzi. A Chidzanja anaiyang'ana, naiika pambali. Sewero linali litachitika popanda wofotokoza. Ena anavina, alendo osamva kanthu. "Bwanji simunanene?" anafunsa. "Ndikanapempha kuti kalasi yathu iyambe m'mawa. Mwinanso ndikanawatenga alendowo kubwera nawo kubwalo kwanu, akaone mganda weniweni."

Apa ndi pamene ine ndimaima pakati pa Anankhoma ndi a Chidzanja. Mganda sunamulakwire Lameki. Chingerezi nachonso sichinamulakwire. Mbali zonse ziwiri khomo linali lotsegula, koma iye anakalowera pazenera. Komabe sindimuweruza kwambiri, chifukwa a Kamphinda nawonso anamva zonse masabata atatu, osanena kanthu. Bambo ankadikira mwana, mwana akuopa bambo.

A Kamphinda sanachirenso bwino chinyowere tsiku lija. Masabata awo omaliza, Lameki ankakhala pamphasa pambali pawo masana onse. Tsiku lina anatulutsa makalata awiri aja, nawawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mawu, akumasulira. Munalibe zambiri. Mkulu wake ankati kukuzizira, ntchito ndi yolemetsa, ndipo usiku amalota ng'oma ya Bambo. A Kamphinda anati awerengenso. Anamwalira chimanga chisanamasule.

Chaka chotsatira, atakolola, Gelesomu anabwera ndi wezulo kunyumba kwa Lameki, ataikulunga m'kansalu. "Tenga, m'bale wanga. Ikundilemera."

"Bwerera nayo," anatero Lameki. "Saperekera kunyumba. Undiike mzere wakumbuyo, kwa ongoyamba kumene."

"Iwe, kumbuyo? Anthu adzaseka."

"Anaseka kale."

Mwezi womwewo a Chidzanja analemba sewero latsopano, namuitana. Anali atagula jekete ina. "Gawo lalikulu ndi lanunso. Loweruka loyamba la Ogasiti."

Lameki anaigwira jekete, naisisita, n'kuibweza patebulo. "Ayi, Aphunzitsi."

A Chidzanja amati anadzidzimuka, chifukwa aka kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pake. "Mwachileka Chingerezi?"

"Sindinachileke. Lachiwiri ndi Lachinayi ndidzabwera, ndipo kwathu ndanena kale kumene ndimapita. Koma Loweruka limenelo kuli mganda, ndipo ine ndidzakhala pamzere."

"Sitingapeze njira yoti muchite zonse ziwiri?"

Lameki anayang'ana pazenera, kumene kaphiri kaja kankaonekera. Anaseka pang'ono, maso atadzaza misozi.

"Ndinayesa kale, Aphunzitsi. Mapanga awiri avumbwitsa."