Mabondo Awiri M'nyumba Imodzi

Pa ntchito yanga ya utolankhani ndinafunsapo akuluakulu mafunso owawa, ndinathamangitsidwapo pamsonkhano wa ndale nsapato imodzi ili m'manja, koma thukuta lenileni ndinalituluka pakhonde la nyumba yanga ku Area 25, Lamulungu lina masana m'chaka cha 1996. Nthawi zambiri ndikamafotokoza ndimati wochititsa anali galu. Galuyo anali mboni chabe.

Dzina lake anali Kapitawo. Kanali kagalu kakafupi, kaubweya wambiri, komwe anatisiyira bambo wina woyandikana naye nyumba atasamutsidwira ku Mzuzu. Thupi kanalibe, koma pakamwa kanali ndi mphatso. Zaka zimenezo akuba anali atasautsa, ndipo nyumba za mumzere mwathu zinathyoledwa pafupifupi zonse kupatula yathu. Choncho pakhomo pathu Kapitawo ankawerengedwa ngati wantchito, osati chiweto.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Akuthamangira kugeti, mwadzidzidzi ankapinda mwendo wakumbuyo n'kumadumpha ndi itatu ngati mwana wosewera phada. Kenako ankauponya kumbuyo kamodzi, n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Ndinafufuza minga kuphazi, panalibe. Nkhupakupa, panalibe. Pofika nyengo yozizira ankatha tsiku lonse mwendo uli m'mwamba, ndipo munthu akagogoda pageti ankangodzutsa mutu n'kugonanso.

Ndinamuika m'katoni n'kukwera naye minibasi kupita kutauni (kondakitala anafuna kudziwa ngati nkhuku za masiku ano zayamba kuuwa). Dokotala wa ziweto, bambo wodekha wa magalasi, anamugoneka patebulo n'kundiuza kuti ndigwire pabondo. Ndinamva kafupa kakang'ono kakutsetsereka pansi pa chala changa, n'kubwereranso.

"Kafupa aka kamakhala m'kangalande kake pamwamba pa bondo," anatero. "Kwa galu wanuyu kangalandeko n'kosazama, ndiye kafupaka kamaguluka. Akaponya mwendo kumbuyo muja amakhala akukabwezeretsa yekha."

Ndinayamba kuponya mafunso ngati ndili pamsonkhano wa atolankhani. Mankhwala? Amangochepetsa ululu. Tikamusiya? Bondo lidzapitirira kuperepeseka mpaka adzalumala. Opaleshoni amatani? Amang'amba, kuzamitsa kangalandeko, kubwezeretsa kafupa, kusoka. Angafere patebulo?

"Mankhwala ogonetsa ali ndi chiopsezo chake, sindingakubisireni. Koma ambiri amadzuka. Kaganizeni, chisankho n'chanu."

Ndinakaganizadi, ndipo chondivuta sichinali galu. Chinali bondo lina, la apongozi anga aNajere, kumudzi ku Ntcheu. Bondo limenelo linatupa kuyambira nthawi yokolola, ndipo aliyense wochokera kumudzi ankabwera ndi uthenga umodzimodzi: amayi akufunsa, muwatenga liti adzaonane ndi madokotala a ku Lilongwe? Yankho langa nalonso linali limodzi: mwezi wamawa. (Mwezi wamawa umenewo unali utafika n'kudutsa kangapo.)

Mkazi wanga, amake Chisomo, anamvetsera nkhani yonse ya kangalande akusita zovala.

"Ndiye mukuti galu akachitidwe opaleshoni?"

"Ndikuti mlonda wathu akachitidwe opaleshoni."

"Nanga amayi anga?"

"Amayi ndi mwezi wamawa. Ulendo uno ndithu ndithu."

Anaimika simbi n'kundiyang'ana. "Chitani, chifukwa akuba akabwera inu simuuwa. Koma bambo a Chisomo, zisamveke. Zikakamveka ku Ntcheu kuti munadumpha bondo la amayi n'kukathandiza la galu, musadzandipemphe kuti ndikakuyankhulireni."

Opaleshoni inaikidwa Lachinayi, tsiku lomwe tinkatumiza nkhani zathu ku Blantyre, choncho ndinafunika chilolezo. Ndinalowa mu ofesi ya a Chimphepo, mkulu wa nthambi yathu, amenenso anali mkulu wa mpingo.

"Bwana, Lachinayi sindibwera. Tili ndi wodwala, akachitidwa opaleshoni ya bondo."

"Oo! Apongozi mumadandaula aja? Abwera tsopano?"

Apa pali mfundo yofunika kuilemba molondola. Sindinati inde. Sindinatinso ayi. Ndinaweramitsa mutu n'kuusa moyo ngati mkamwini wolemedwa ndi udindo. A Chimphepo anandigwira paphewa n'kunena kuti ndipite ndi mtendere, nkhani zanga alemba okha.

Kapitawo anadzuka bwino patebulo paja. Anabwera kunyumba mwendo utametedwa, utasokedwa, utakulungidwa bandeji, ndipo m'khosi anamuveka kandowa ka pulasitiki koboola pansi kuti asanyambite chilonda. Dokotala analamula kuti asathamange, asadumphe. Tinamutsekera m'kachipinda kosungiramo makala. Chitseko chake chinali pakhonde pomwepo, ndipo chinkatsekedwa ndi msomali wopinda.

Loweruka madzulo ndikuchokera kumsika, ndinaona pakhonde pali dengu lalikulu la mbatatesi, ndodo, ndi apongozi. Anatopa kudikira mwezi wamawa, anakwera basi okha. Anali pamkeka, mwendo atautambasula, bondo atalikulunga ndi duku.

Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sacheza ngati munthu ndi mnzake. Suwayang'ana m'maso, sukhala nawo pafupi, ndipo mawu ofunika amadzera mwa mkazi wako. Ndinanyonyomala chapatali n'kupereka moni ndikuyang'ana ndodo yawo. Iwo anayankha akuyang'ana khoma.

"Kagalu kaphokoso kaja kanafa?" anamufunsa mwana wawo. "Sindikukamva."

"Kalipo amayi, takatsekera. Masiku ano kakumaluma alendo."

Ndinagona ndi dongosolo m'mutu: Lolemba ndikamusiya Kapitawo kwa mnzanga wina ku Kawale mpaka ubweya umere. Panatsala Lamulungu lokha.

Lamulungulo titabwera kutchalitchi n'kudya, pikapu ya ku ofesi inaima pageti. Anatsika a Chimphepo atavala suti, buku la nyimbo lili m'manja. Pambuyo pawo panali mayi Nasoko, otayipa nkhani zathu, atanyamula jumbo ya malalanje, buledi ndi shuga. Ine, munthu wokonda kufufuza mfundo zonse, ndinali nditaiwala chinthu chomwe ngakhale mwana amachidziwa: wodwala amazondedwa.

Ndinathamangira kugeti. "Bwana, mwavutikiranji? Wodwala akupumula."

"Si awo ali pakhondewo? Atuluka kale m'chipatala? Ambuye ndi wamkulu!" Anandilambalala ngati chitsa.

Ndinaganiza zowatsogolera kuti ndikawanong'oneze apongozi. Koma ndikanamunong'oneza bwanji munthu amene chikwatirire sindinamuyandikirepo? Ndipo ndikanati chiyani? Mkazi wanga, yekhayo amene akanatha kutero, anasuzumira pazenera n'kuzimiririka. Ndinamva ketulo ikugwa kukhitchini.

Ndinatulutsa mipando. Moni anayenda mwadongosolo lake: kumudzi kuli bwanji, chimanga chinachita bwanji, msewu uli bwanji. Ndinkalakalaka moniwo atafika Lolemba. Kenako a Chimphepo anakonza kukhosi.

"Pepani ndi matenda, mayi. Opaleshoni inayenda bwanji Lachinayi?"

Apongozi anayang'ana a Chimphepo, anayang'ana bondo lawo, anayang'ana chitseko cha kukhitchini. Ine ndinkayang'ana nyerere ikulowa mumng'alu wa simenti n'kumaisirira.

"Lachinayi," anabwereza apongozi pang'onopang'ono.

"Ee, akamwini anuwa anapempha tsiku," anatero mayi Nasoko. "Mayi, muli ndi mwayi inu. Akamwini a masiku ano ndani angasiye ntchito kukakhala pabenchi ya chipatala? Wanga ine ngakhale panado sanandigulireko. Lachisanu awa anabwera maso ali psuu, akuti wodwala analira mpaka kunja kunacha."

(Ndinanenadi zimenezo. Zinali zoona.)

"Ndinalira eti," anatero apongozi. "Chabwino. Tikuyamika Mulungu."

Mtima unabwerera m'malo mwake pang'ono. A Chimphepo anati tipemphere, ndipo tonse tinatsinzina. A Chimphepo sankadziwa pemphero lalifupi. Anayamba ndi dziko, analowa m'boma, anadzera ku ofesi kwathu, kenako anafika pa madokotala ndi manja awo aluso. Apo m'pomwe ndinamva: gu! Kenako, gu! gu!

Kandowa kankagunda chitseko. Kapitawo anali atamva mawu achilendo pakhomo, ndipo ngakhale anali wodwala, ntchito yake sanaiiwale. Ndinatsegula diso limodzi. Msomali wopinda uja unkatembenuka pang'onopang'ono. Kuti ndifike pachitsekocho ndinafunika kudumpha miyendo ya abwana, kenako mwendo wa apongozi. Ndinakhosomola kuti ndiphimbe phokosolo. A Chimphepo anangokweza mawu. Msomali unapendekeka, chitseko chinatseguka.

Anatuluka ndi miyendo itatu, wachinayi woyera ndi bandeji uli m'mwamba, mutu uli m'ndowa. Anadumpha, kudumphanso, n'kuima pakati penipeni pa anthu otsinzina, mphuno ikulunjika nsapato za abwana. Ndinkamudziwa bwino. Ankakonzekera kuuwa.

Ndinakweza maso ndipo ndinakumana ndi maso a apongozi. Nawonso sanatsinzine. Chikwatirire, aka kanali koyamba kuyang'anizana nawo. Anayang'ana bandeji ya galu, anayang'ana duku la pabondo pawo, anandiyang'ananso ine. Panalibe chofotokoza. Nkhani yonse anaiwerenga, mutu ndi ndime zake zomwe.

Dengu la mbatatesi lija tinali titakhuthula, ndipo linali pambali pawo. Anatambasula dzanja, kulitenga, kuvundikira galu ndi ndowa yake yomwe, kulikokera pafupi, n'kusanjikapo mwendo wodwalawo.

"Ameni," anatero a Chimphepo.

"Ameni," anavomera apongozi, mokweza kuposa tonse.

Mayi Nasoko atatsegula maso anayang'ana dengulo modabwa.

"Adokotala anati ndizikweza mwendo," anatero apongozi.

Dengu linalira. Kanali kulira kwapansipansi, kwa kagalu kolakwiridwa.

"Mayo ine! Mayooo!" anakuwa apongozi atagwira bondo. Dengu linayamba kuyenda chakumanzere, iwo analitsindika ndi chidendene. "Kumabwera choncho, mwadzidzidzi."

"Ululu wayamba," anatero a Chimphepo akuimirira. "Tiyeni mayi Nasoko, wodwala apumule."

Tiyi anatuluka kukhitchini alendo ali kale kugeti. Abwana anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kundiuza kuti mawa ndisafulumire kubwera, ndisamale kaye amayi. Ndinayang'ana pikapu mpaka fumbi lake linatha, chifukwa kubwerera pakhonde kunkandiopsa kuposa zonse zomwe zinali zitachitika.

Ndinabwerera, n'kuima chapatali. Mkazi wanga anali pakhomo la khitchini, thireyi ili m'manja, osasuntha. Apongozi anavundukula dengu, kunyamula Kapitawo mosamala, kumugoneka pamkeka. Anakankhira bandeji pang'ono kuti aone ulusi.

"Asoka bwino," anatero.

Sanayang'ane kwa ine, ndipo sanayang'anenso kwa mwana wawo. Anasuzumira m'kandowa muja.

"Iwe Kapitawo, ndiwe wodala. Uli ndi miyendo inayi, koma umodzi ukavuta anthu sagona tulo. Ine ndili nayo iwiri yokha. Ukawauze abwana ako kuti ndakalamba chonchi osanamizapo anthu a Mulungu. Lero ndanama, kuti mwana wanga asamalozedwe zala m'tauni muno. Ukawauzenso kuti anthu aja apempherera bondo loti laonedwa ndi dokotala. Ndiye lionedwe, pemphero lisapite pachabe."

Galu anagwedeza mchira.

"Zamveka," ndinayankha, nanenso ndikuyang'ana galuyo.

Lolemba m'mawa ndinali pabenchi ya chipatala, cha anthu ulendo uno, ndodo ya apongozi ili pamiyendo panga. Dokotala anati ndi nyamakazi. Anapopa madzi omwe anadzaza m'bondomo, anawapatsa mankhwala, anawauza masiku obweranso. Opaleshoni sinafunike n'komwe. Chinthu chomwe ndinachizengereza kuyambira nthawi yokolola chinatha dzuwa lisanapendeke, ndipo m'minibasi pobwerera palibe anachitchula.

Apongozi anakhala nafe mpaka odwala onse awiri anayamba kuponda bwino. Nthawi yonseyo uthenga uliwonse wopita kwa ine unkadzera mwa galu, ngakhale wakuti sopo watha. Mkazi wanga ankati ntchito yake yonyamula mauthenga yamuchepera.

Mwina mukuganiza kuti kenako ndinakalowa mu ofesi ya a Chimphepo kukakonza nkhaniyo. Sindinapite. Mpaka anapuma pantchito ankandifunsabe za bondo la amayi, ndipo atolankhani achinyamata ankawalozera ine ngati chitsanzo cha mkamwini. Ndinkangoweramitsa mutu. Kunyuzipepala tikalakwitsa nkhani tinkapepesa ndithu, koma mochedwa, patsamba lam'kati, ndi zilembo zing'onozing'ono kuti asaone ambiri. Bwana, ngati maso anu akadaonabe, kupepesa kwanga ndi kumeneku.