Sewero Lomwe Munatithandiza Kulemba

Wolemekezeka Bwana Mkulu Wosefa Zisudzo,

Ndagwada, bwana, ine kamlembi ka zisudzo ka m'holo yodontha ija ya kuseri kwa msika. Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha cholembera chanu chofiira. Ndinakupatsirani sewero la masamba makumi anayi, inu n'kundisiyira mizere isanu ndi iwiri, kuphatikizapo moni. Ngakhale dzina la galu munalikhwatcha. Kaya linkafanana ndi la yani, ine sindinafunse.

Chachiwiri, tinakumverani mpaka pamapeto. Paliponse pomwe munakhwatcha, wosewera ankaima duu kwa nthawi yonse yomwe mawuwo akanatenga. Mkazi wanga, yemwe ankasewera ngati mayi wofunsa komwe anapita naye mwana wake, anaima mphindi zinayi, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka. Kenako mayi wina wogulitsa tomato anayamba kusisima. Kumbuyo wina anatchula dzina la mchimwene wake wosowa, winanso la mwamuna wake, mpaka holo yonse inadzaza mayina. Ine, bwana, ndalemba zaka makumi awiri osalizapo munthu. Inu mwakwanitsa ndi cholembera chimodzi. Nsanje yandigwira, sindibisa.

Chachitatu, ndikuyamikira anyamata anu a magalasi akuda aja. Lachiwiri anabwera kudzamutenga mkazi wanga akuchapa, ati mlandu wake ndi kukhala chete mwachipongwe. Nzeru zakuya zimenezi! Ine ndakhala naye m'nyumba zaka zonsezi, sindinamuonepo atatseka pakamwa mphindi zinayi, ndiye tsiku loyamba kuyesa, mwamutsekera. Zovala zija zikadali m'beseni. Mwana wathu wamkazi amandifunsa m'mawa uliwonse komwe kuli amayi ake, ndipo ndimamuyankha monga munatiphunzitsira: ndimangoima duu. Pamenepo pokha, bwana, mtima umandipweteka.

Tsono kapempho kanga n'kochepa. Loweruka tikuseweranso, ndipo anthu ayamba kale kufunsa ngati angabwere ndi mipando yawo. Chonde tibwezereni mkazi wanga adzaime pamalo pake. Ngati n'zosatheka, musadzivutitse. Tidzangoika mpando wopanda munthu pakati pa siteji kwa mphindi zinayi zomwezo, ndipo pachikwangwani cha pakhomo tidzalemba udindo wanu ndi penti wofiira, monga mlembi mnzanga. Si bwino kukubisani, bwana. Anthu ayenera kudziwa mwini wake wa ntchito imeneyi.

Ine wanu womvera, kamwa lili pamalo pake,
Mlembi wa mizere isanu ndi iwiri