Kachipangizo ka Malemu a Mbewe

Anzanga, kuumira kunandichititsa manyazi pamaso pa mayi wamasiye, ndipo mpaka lero ndikamaseka nkhaniyi misozi imalengeza m'maso.

Amene anandiphunzitsa kuwombera chandamale kuno ku Canada ndi malemu a Mbewe, mkulu wa kwathu ku Kasungu, amene ankanditenga Loweruka lililonse kupita kukalabu ya mfuti kuseri kwa Oshawa. Atatisiya ndinati ndipitirize ndekha, ndigule kachipangizo koyezera liwiro la chipolopolo. M'sitolo anandionetsa mitundu iwiri. Kena umangokaika pambali pa mfuti, koma nditamva mtengo wake ndinachita chizungulire. Kotchipako umakaimika kutsogolo, chipolopolo n'kumadutsa pakati pa timitengo take tiwiri. Ine ndi dzanja langa loumali, ngakhale kotchipako ndinakasiya, nditakumbukira kuti malemu anali nako kotero. Ndigulirenji pomwe kobwereka kalipo?

Ulendo wa ku Scarborough kwa mayi Mbewe. Anakatulutsa m'kabati kali kokulunga m'chitenje, n'kundiuza kuti mfuti zinapita, zovala anatumiza kumudzi, cha bambo chotsala m'nyumbamo ndi kameneka basi. Munthu wanzeru akanabweza pomwepo. Ine ndinalandira ndi manja awiri, n'kulumbira kuti ndikasamala ngati dzira.

Kukalabu ndinakaimika bwinobwino kutsogolo kwa tebulo. Mzungu wina wachikulire amene ankawadziwa malemu anasendera kuti andithandize, ine n'kumuuza kuti asavutike, ndinaphunzira kwa katswiri. Pakachipangizopo panali kapepala komata kolembedwa pamanja, koma magalasi owerengera ndinali nditasiya m'galimoto, ndipo kuti ndibwerere kukawatenga, ulesi. Ndinasuzumira m'galasi lolozera la pamfuti, n'kuona mpata wa pakati pa timitengo uli poyera, osakumbukira kuti galasilo limakhala pamwamba pomwe mpope wa mfuti uli m'munsi mwake. Phuu! Kachipangizo kanadumpha ngati nkhuku yodula mutu, timitengo kwina, mabatire kwina. Liwiro la chipolopolo? Kanapita nalo kumanda.

Mzungu uja anangovula chipewa. Ine ndinatolera zidutswa chokwawa, ndipo pamene ndinavala magalasi aja m'galimoto ndi pamene ndinawerenga kapepala kaja, kali kopsa m'mbali. Kanali ndi dzina langa. "Chisale, loza m'mwambako pang'ono." Ndinakhala pachiwongolero n'kulira ngati mwana, bambo wamkulu wa ndevu zake.

Kwa mayi Mbewe ndinalowa chogwada, zidutswa zili m'chitenje chomwe chija. Anazivundukula, kuziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira.

"Bambo anati ndidzakupatseni, kanali kanu kale," anatero akupukuta m'maso. "Ine ndi amene ndinkakakamira, ndinkafuna ndizikaona m'kabati. Koma ananenanso kuti mudzakawombera tsiku loyamba lomwe."

Ndinati ndiwagulira kena katsopano, iwo anapukusa mutu, nanga katsopano bambo anakagwirapo? Anangomatula kapepala kaja mosamala n'kukaika m'Baibulo lawo.

"Aka kokha ndisiyireni, achimwene. Ndi dzanja lawo."

Sabata yotsatira ndinakagula kodula kaja, kokhala pambali, kumene chipolopolo changa sichingakapeze. Ndipo ndinalumbira: chinthu chimene mayi wamasiye wachikulunga m'chitenje, ine Chisale sindidzabwerekanso, ngakhale atandikakamiza. Malemu anandichenjeza ali m'manda, ine wamoyo n'kuiwala magalasi.