Mmene Ndinatumizira Che Yusufu ku Malawi Opanda Nkhope

Mpaka lero ndikamadutsa mu Chawama, komboni yathu muno mu Lusaka, pali azimayi ena achikulire amene amandipatsa moni wakuti, "Muli bwanji ba Mdima?" Ine ndimayankha bwinobwino ngati dzinalo ndinabatizidwa nalo. Ana anga amaganiza kuti akunena khungu langa, ndipo sindinawatsutsepo. Koma lero ndiulule basi, ndatopa nako kubisa.

Zinali zaka zija boma latsopano litayamba kugulitsa makampani. Ndinkagwira ntchito m'sitolo ina ya boma, ndipo tsiku lina tonse tinalandira makalata otithokoza kwambiri. Ndi kandalama kotsanzikirako ndinagula kamera yakale ndi fulashi yake, n'kuyamba kuzungulira m'komboni kujambula anthu, kapena kuti kukopa, monga timanenera kuno. Tsoka lake, aliyense wochotsedwa ntchito anaganiza zomwezo. Lamlungu pakhomo pa tchalitchi tinkapezeka ojambula asanu kulimbirana khanda limodzi lobatizidwa.

Ndinkafuna china chake chondisiyanitsa ndi anzangawo. Makasitomala, makamaka azimayi, dandaulo lawo linali limodzi. Munthu wadzola mafuta ake bwinobwino, iwe n'kumuwombera fulashi kumaso, chithunzi chikabwera ndewu.

"Ba Banda, mwanikopa bwanji? Onani mphumi! Monga chitumbuwa chochoka mu mafuta manje manje!"

Tsiku lina ku msika wa Soweto, pafupi ndi ogulitsa salaula, zovala zakale zija za kaunjika, ndinaona magazini akale a azungu ataunjikidwa pansi. M'modzi mwa iwo munali chithunzi cha wojambula ataveka fulashi yake kabokosi, kutsogolo kuli nsalu yoyera. Analemba kuti kabokosiko kamafewetsa kuwala, nkhope sinyezimira ndipo kumbuyo kwa munthu sikukhala chimthunzi chakuda. Ndinayang'anitsitsa mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndabwera ku laibulale. Mumtima ndinati, azungu awa akutinamiza, iyi ndi katoni chabe.

Kunyumba ndinapeza katoni ya sopo. M'kati ndinamatamo mapepala asiliva a m'mapaketi a fodya (ine wosasuta, mkulu wa kwaya, kutolatola mapaketi kuseri kwa bala masana dzuwa likuswa mtengo). Nsalu yoyera ndinadula pa pilo ya mkazi wanga. Kenako ndinalowetsa fulashi yonse m'katonimo, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Mkazi wanga anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Atate ake Chisomo, pilo yanga mwaipha. Manje ichi chinthu mwachiyesa?"

"Imirira pamenepo," ndinatero. Ndinamuwombera fulashi popanda filimu.

"Siinanilase m'maso," anavomera.

"Waona? Ndiye kufewa kumeneko."

Chinandisangalatsanso china. Kale fulashi ikawomba inkalira kuti tswiii kwa nthawi ndithu isanadzazenso moto. Tsopano inkadzaza pomwepo. Ndinamuuza mkazi wanga kuti bokosi langa laposa la azungu, chifukwa langa likusunga ndi mabatire omwe.

(Mvetserani apa, poti ine ndinazimva mochedwa. Fulashi imeneyo inali ndi kadiso kakang'ono kutsogolo. Ntchito ya kadisoko ndi kuona kuwala kobwerera kuchokera kwa munthu, ndipo kakaona kuti kwakwana kamazimitsa fulashi. Ine kadisoko ndinakatsekera m'katoni yodzaza siliva. Fulashi ikangoti phethi, kadiso kankaona kuwala konse pomwepo n'kuzimitsa, munthu asanalandire kanthu. Mabatire sankatha chifukwa sankagwira ntchito.)

Woyamba kulawa luso langa anali Che Yusufu, telala wachikulire wa mumsewu wathu, Myao wa ku Machinga. Anabwera ku Zambia ali mnyamata, ndipo panali patadutsa zaka zoposa makumi atatu asanaonane ndi mng'ono wawo, Che Amidu, amene anatsala kumudzi. Anandiitana Lolemba.

"A Banda, Che Saidi ogula mpunga aja akupita ku Malawi Lachinayi. Ndikufuna anditengere chithunzi chachikulu. Mng'ono wanga aone kuti ndili moyo, ndanenepa, makina ndili nawo."

"Mulembanso kalata?"

"Kalata ya chiyani? Amidu sawerenga. Chithunzi chikalankhula chokha."

Anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu ndi kachipewa koyera, ndevu atapesa. Anafuna kujambulidwa m'chipinda chosokera, dzanja lili pa makina, wailesi ikuoneka pambali. Chipindacho chinali ndi kawindo kamodzi kokhala ngati ka nkhunda. Mwana wawo wamkazi, Asiyatu, mayi wa ana atatu wosadziwa kubisa mawu, anati bwanji titulutse makinawo panja pali dzuwa.

"Mayi, dzuwa ni la anthu alibe zipangizo," ndinayankha. "Valani chitseko."

Ee, ndinatsekanso chitseko. Ndi pakamwa pangapa ndinalamula.

Ndinawombera katatu. Che Yusufu anaphethira n'kufunsa, "Yawomba kale? Sindinamve kanthu."

"Ndi mmene amajambulira ku Ulaya, madala. Munthu samva kuwawa."

Lachiwiri ndinapititsa filimu kotsukitsa zithunzi m'tauni. Ndinasiya envulopu yolembedwa kale dzina la Che Amidu, n'kumuuza mayi wa pakauntala kuti chomaliza achikulitse, achiike m'menemo ndi kakatoni kuti chisapindike, amate. Lachitatu magetsi kunalibe. Lachinayi m'mawa ndinafika thukuta lili kamukamu, basi ya Che Saidi itatsala pang'ono kunyamuka.

"Ba Banda," anatero mayi uja atagwira envulopu, "muyambe mwaonako tung'ono utu. Kuli vuto."

"Nilibe nthawi, mayi."

"Koma ni ya mdima maningi."

"Ni sitayilo. Nchito yanga niidziwa."

Ndinalanda envulopu ndi tizithunzi ting'onoting'onoto osationa, ndinathamanga mpaka ku siteshoni, n'kupatsira Che Saidi envulopu pawindo basi ikuyenda kale. Iwo anakuwa kuti akaisiya pa mzikiti wa pa Ntaja, anthu akumudziko akaitenga. Ndinakwera minibasi yobwerera ku Chawama ndili wonyada, ndipo tili pa Kafue Road ndinati ndione tizithunzi ting'onoting'ono tija.

Mayo ine! Chithunzi chonse chinali bii. Pakati pa mdimawo panaima mkanjo wotuwa, wopanda manja, wopanda mapazi. Pamwamba pake, patalipo pang'ono, kachipewa kakuyandama kokha. Pakati pa chipewa ndi mkanjo panalibe munthu. Makina, wailesi, ndevu zopesa zija, zonse zinapita. Mayi amene ndinakhala naye pampando anasuzumira, n'kugwira pachifuwa. "Yaba! Ba bambo, mukopa na vipuku?" Anasamukira mpando wakumbuyo, kuthawa wojambula mizukwa.

Munthu wanzeru akanapita kwa Che Yusufu tsiku lomwelo, n'kupepesa, n'kujambulanso, chithunzi chabwino chikanatsatira pa positi. Ine ndinasankha kuzemba. Ndinayamba kuzungulira njira ya kuseri, yodutsa pa ngalande, kuti ndisadutse pakhonde pawo. Tsiku lina anandikola pa mpope.

"A Banda, changa chosunga ine chili kuti?"

"Akali kutsuka, madala. Zithunzi za bokosi zimachedwa kuuma."

Sabata yotsatira ndinati makina a m'tauni afa. Sabata inayo ndinadwala malungo a bodza, mpaka mkazi wanga anandiphikira phala mondinyoza. Iye ndinali nditamuonetsa chithunzicho, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati pilo yake inafera zachabe. Ine ndinkadzitonthoza kuti mwina envulopu inatayika panjira. Ndinapemphera ndithu kuti itayike, Mulungu andikhululukire.

Patatha masabata atatu, masana ena ndili kutsuka njinga, Asiyatu anafika pakhomo. Sanapereke moni.

"Ba Banda, atate akuitanani. Manje manje. Na kabokosi kanu mubwere nako."

Ndinayenda kumbuyo kwake katoni ili m'khwapa. Pakhonde pa Che Yusufu panali anthu ngati pali msonkhano wa chipani. Pa benchi panakhala nkhalamba ziwiri zofanana mphuno, zitagwirana manja. Winayo anali woonda, fumbi la ulendo lili m'mapazi, kachikwama kali pamiyendo. Pamwamba pa kachikwamako panali chithunzi changa, chachikulu bwino, monga ndinalamulira.

"Amidu," anatero Che Yusufu, "katswiri uja ndi ameneyu."

Che Amidu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu munajambula achimwene?"

"Ndine, madala."

"Nanga nkhope munaisiya kuti?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira zipupa. Ndinayamba kufotokoza za kuwala kofewa, koma Asiyatu anandilanda katoni n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone. "Dzuwa ni la anthu alibe zipangizo!" anakuwa motengera mawu anga. Mayi wina kumbuyo anati, "Ba Mdima!" Dzina linamera pomwepo.

Che Amidu anadikira kuti phokoso lithe, ndipo anafotokoza pang'onopang'ono. Envulopu inawapeza kumudzi yopanda kalata, yopanda wonena mawu. Anaitsegula pamaso pa banja lonse. Akazi anayamba kulira nthawi yomweyo. Akuluakulu a pamzikiti anachizunguliza chithunzicho uku ndi uku, ndipo anagwirizana kuti anthu a ku Lusaka akuopa kunena zoona: mwina Yusufu wamwalira, mwina wadwala mpaka kutha thupi moti abisa nkhope kuti abale asaone. Che Amidu sanagone. Anagulitsa mbuzi ziwiri, n'kukwera galimoto zinayi, munthu amene anali asanapitirirepo pa Liwonde.

"Ndinkangopempha Mulungu kuti ndipeze ngakhale manda ake," anatero. "Ndafika pano ndapeza munthu akusoka buluku, akuimba."

Anthu anasekanso. Koma Che Amidu anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa nsalu yoyera, yatsopano, yopindidwa bwino. Anaiika pamiyendo pa mkulu wawo.

"Sanda yanu iyi, achimwene. Ndinati musapite ndi nsalu ya alendo."

Che Yusufu anaigwira nsaluyo, misozi ikutsikira m'ndevu. Ine manyazi anandigwira. Ndinaona ulendo wonse umene nkhalamba ija inayenda itafungata nsalu yokwirira mbale wake, masiku awiri osadya bwino, chifukwa cha katoni ya sopo ndi kuuma mutu kwanga. Ndinagwada pa simenti, chinthu chimene sindinachitepo ngakhale kwa apongozi.

"Madala, ndalakwa. Mayi wotsuka zithunzi anandichenjeza, ine sindinamve. Ndinaona kuti chaipa, ndinabisa. Mundikhululukire."

Che Yusufu anapukuta maso ndi mkono. Kenako anavula tepi yoyezera imene inkakhala m'khosi mwawo, n'kuyamba kuyeza nsalu ija.

"Dzukani a Banda, mukudetsa buluku. Munthu uyu ndamutumizira malaya, ndamutumizira uthenga ndi aliyense wopita kumudzi kuti bwera udzandione. Zaka makumi atatu, osabwera. Ndikanamutumizira nkhope yonenepa akanaipachika pakhoma n'kukhala pansi." Anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Iwe, nsalu yabwino chonchi ukufuna idyedwe ndi chiswe? Imirira ndikuyeze. Muli mikanjo iwiri umu."

Lachisanu lotsatira, atachoka ku mzikiti, ndinawajambula awiriwo atavala mikanjo yatsopano yofanana. Makina tinatulutsa panja, pansi pa mtengo wa mango, Asiyatu akulondera ngati wapolisi. Nditangokweza kamera Che Amidu anakweza dzanja.

"Taimani kaye. Mwaona bwinobwino kuti tilimo?"

Pachithunzi chimenecho onse awiri akuseka pakamwa pali yasa, ndipo amene akumusekayo ndine. Nkhope zilimo zonse, mpaka mano amene analibe akuoneka kuti palibe.

Bokosi lija sindinalitaye, musaganize kuti ndinafika pochenjera chotero. Wojambula wina wachikulire wa ku Matero atandifotokozera za kadiso kaja, ndinaboola katoni kuti kadiso kazisuzumira panja, ndipo linayamba kugwira ntchito bwino ndithu. Kungoti mu Chawama monse panalibenso munthu wolola kuimirira kutsogolo kwake. Ndikangolitulutsa m'chikwama, azimayi ankakokera ana awo kumbuyo.

Tsiku limene Che Amidu ankabwerera kwawo, Che Yusufu anandiitanira pambali n'kundipatsa kansalu koyera kotsala pa mikanjo ija, atakapinda m'mphepete mwaluso ndi makina.

"Muyike pa bokosi lanu," anatero. "Pilo ya akazi anu yavutika mokwanira."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Koma kuti ndiphimbe fulashi ndi chidutswa cha sanda n'kumaloza nacho anthu amoyo, ayi, mtima unakana. Kansaluko kali m'sutikesi mpaka lero, ndipo mkazi wanga sadziwa kuti kanachokera pa nsalu yanji.