Mmene Ndinachiritsira Injini ya Apongozi

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba ndikangotuluka m'nyumba, ndiye bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndithane nawo.

Apongozi anga, a Daka, anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse. Atapuma pantchito, mtima wawo unagwa pa boti lakale la thanga limene a Mweemba ankagulitsa kumtsinje wa Kafue, lokhala ndi kainjini ka dizilo m'mimba mwake. Ine ndimayendetsa minibasi ya ku Nangongwe, ndipo chikwatirireni mwana wawo anali asanandipemphepo kanthu. Tsiku lina anandiimbira okha.

"Atate ake Dalitso, inu mumadziwa mainjini. Tiyeni mukandionere ndisanataye penshoni yanga m'madzi."

Ndinasangalala zedi. Ndinachita kusita ovolosi!

Kumtsinje, a Mweemba analiza injini kamodzi kokha, nayo n'kuyankha bwinobwino. Ndinasolola dipstick, kachitsulo koyezera oilo kaja, ndinanunkhiza oilo, ndinagwedeza mutu ngati dokotala. Kenako ndinasuzumira kumbuyo kwa boti. Mayo! Ku exhaust kunkatuluka madzi, phwa! phwa! phwa!

Pa minibasi, madzi ku exhaust ndi maliro, gasket yapita. Ndinawakokera pambali apongozi.

"Atate, pali matenda apa, ba Mweemba babisa. Musakambe chilichonse, nizaona."

"Yendani nayo muimvere mweka," anatero a Mweemba, akumasula chingwe. Iwo anatsala pagombe chifukwa bondo linkawavuta.

Tili pakati pa mtsinje, apongozi atagwira chiwongolero, ndinakwawira kuinjini kuja. Radiator sindinaione. Ndinatsatira paipi ina mpaka ndinapeza kampopi kolowetsa madzi a mumtsinje m'injini. Madzi a mumtsinje, matope ndi zonse! Ndinapukusa mutu, n'kukatseka mwamphamvu.

Ku exhaust kunauma gwa.

"Atate, onani manje!"

Anasuzumira, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga anakwatiwa bwino."

Mawu amenewo ndinali nditawadikira zaka zambiri. Kunena zoona, misozi inalengeza.

Posakhalitsa kunamveka fungo ngati wina akuotcha tayala. Kenako kabelu kanayamba kulira, piii!

"Nanga chimenecho?"

"Izolowera chabe, atate."

Utsi unatuluka. Injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete, mtsinje n'kuyamba kutitenga pang'onopang'ono. Ndinaimbira a Mweemba, foni ili pa loud.

"Ba Mweemba, engine yanu yazima."

"Shani? Manzi yachoka kumbuyo?"

"Awe, ija problem nasiliza. Navala ka tap."

A Mweemba anakuwa pafoni.

"Mwavala tap? Imwe bantu! Yaja manzi ndiye yaziziritsa engine! Boat ilibe radiator, radiator yake ni Kafue!"

Ndinalakalaka ng'ona itabwera kudzanditenga. Ndinayang'ana thanga, koma mphepo kunalibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo, wa njanji ndi wa minibasi tikanatani nalo?

Apongozi sanakalipe. Anatenga foni m'manja mwanga mofatsa.

"A Mweemba, boti ndigula ndithu. Taliwononga ndife."

Ndife! Munthu amene sanakhudze ngakhale nati imodzi. Zinandipweteka kuposa mbama, ndipo ndinawakonda nkhalamba aja kuposa kale.

Kenako anaweramira pansi pa mpando, anatulutsa nkhafi, n'kundipatsa ndi manja awiri mwaulemu wonse.

Ndinapalasa, abale. Kulimbana ndi madzi, dzuwa lili pamutu, asodzi m'mabwato awo akutikwezera manja n'kumafunsa ngati dizilo wakwera mtengo. Ovolosi yonse inanyowa, thukuta likuchucha mpaka kuchibwano.

Tikuyandikira gombe, apongozi anandiyang'anitsitsa, nkhope ili yachifundo.

"Atate ake Dalitso, injini iyi ndiye ndaikonda, siwononga dizilo. Koma ikutulutsa madzi kwambiri pamphumi. Titseke pati?"

Kuyambira tsiku limenelo, injini ikamayenda bwino ndimangoipatsa moni n'kudutsa.