Alenje Anga 71 ndi Mphindi 14 za Bwana

Zowerengedwa pansi pa masamba khumi a tomato, m'mawa:
3 Malichi: akangaude ofiira 412, alenje 0
17 Malichi: akangaude 96, alenje 58
25 Malichi: akangaude 23, alenje 71, tizikumbu tamadontho 9
14 Epulo: akangaude 1,305, alenje 0, tizikumbu 0

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Nthambi Yoteteza Mbewu,

Bwana, ndagwira mwendo, mundikhululukire kuti nkhalamba yopanda udindo ikukutayitsani nthawi. Ndinaphunzitsa masamu zaka 34, ndiye matenda owerenga chilichonse sanandichoke.

Choyamba, zikomo chifukwa cha alenje. Ndimo mmene ndimatchulira tizilombo tolusa, tochepa ngati fumbi, timene mlangizi wanu anandibweretsera m'kabotolo pa 4 Malichi kuti tizidya akangaude ofiira omwe ankayamwa tomato wanga. Anandilumbiritsa kuti ndisapoperenso mankhwala, ine n'kupachika mpope kudenga. Kudzera pa galasi lokulitsira ndinaona mlenje mmodzi akumaliza mazira asanu a akangaude tiyi wanga asanazizire. Tizikumbu tamadontho tinabwera tokha kudzathandiza, popanda kalata yotiitana. Wantchito wosapempha alawansi, Bwana, sindinamuonepo kwina.

Chachiwiri, zikomo posankha munda wanga kukhala wachitsanzo. Pa 26 Malichi, ine ndili kuchipatala kukayezetsa maso, kunabwera anthu anu atatu ndi mipope iwiri kudzakonzekera ulendo wanu. Akuti Bwana sangajambulidwe m'munda muli tizilombo. Mpongozi wanga anawauza kanayi kuti tizilomboto n'taofesi yawo yomwe. Iwo anamuonetsa chikalata chokhala ndi zidindo ziwiri. Anagwira ntchito yopopera mankhwala mokhulupirika ndithu. Alenje anafa onse. Mazira a akangaude okha ndiwo sanawerenge chikalatacho.

Chachitatu, ulendo wanu wa pa 27. Magalimoto 6, anthu 19, zithunzi 31, mphindi 14. Mawu akuti "chilengedwe" munawatchula ka 22, ndipo kawiri munatamanda alenje amene mitembo yawo munali mutaiponda. Masamba amene munatembenuza kuti muone pansi pake: 0. Sindikudandaula ayi, suti yanu inali yoyera.

Chachinayi, mlangizi uja ankatiphunzitsa kuti m'munda chilichonse chili ndi chochidya. Ndalemba mndandanda wake m'kope langa: kangaude amadya tomato, mlenje amadya kangaude, ofesi imadya mlenje. Chimene chimadya ofesi sindinachipezebe, ngakhale ndi galasi. Ndasiya mzere wopanda kanthu.

Pempho langa n'laling'ono. Munditumizireko kabotolo kena sabata ino, tomato wotsalayu asanaume. Ndipo mukadzafuna kudzandilemekezanso, mudzandidziwitse kutatsala masiku atatu, kuti ndithawitsire alenje kwa mnansi wanga. Iyeyo ofesi yanu sinamuyenderepo, ndipo tomato wake akuchita kuthyola nthambi.

Kuwonkhetsa komaliza:
Mitengo ya tomato yobzalidwa: 120
Youma chibwerereni inu: 87
Yotsala: 33
Makalata amene ndakulemberani, kuphatikiza ino: 5
Mayankho: ofanana ndi alenje

Ine wanu wodzichepetsa,
Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito,
mwini munda wachitsanzo